Mauthenga Odzifufuta Okha

Modester anakumana ndi Kenani podikirira tiramu, kasitima ka m'tauni, ku Sheffield, mvula ikuwaza. Mnyamatayo ankalankhula pafoni mokweza, akuganiza kuti palibe womva Chichewa. Atamaliza, Modester anamuuza kuti wangoulula nambala yake yachinsinsi ya kubanki.

Kenani anaseka. Atamva kuti mtsikanayo akuchita kafukufuku kuyunivesite wa momwe anthu angatetezere zinsinsi zawo pa intaneti, anati, "Ndiye mundisungirenso mtimawu, adona."

Mawu otchipa, koma kudziko lozizira ngakhale ophunzira amagwa nawo.

Ndi Modester yemwe amene anakonza foni ya Kenani. Anaitseka molimba, n'kutchera kuti mauthenga awo azidzifufuta okha tsiku likatha. Kenani anagwira phunzirolo kuposa ana onse a m'kalasi. Kujambulitsa ankakana, ati nkhope ndi chinsinsinso. Kutchalitchi cha Amalawi ku Leeds ankalowa aliyense payekha. Modester ankanyada kuti wapeza mwamuna womvetsa ntchito yake.

"Duwa langa, ukangomaliza kafukufukuyu ndikutuma amalume. Ndiwe wekha mpaka imfa." Uthenga wa Kenaniwo Modester anauwerenga mobwerezabwereza. Mawa lake unali utapita.

Anamalizadi, n'kupatsidwa ntchito yophunzitsa payunivesitepo. Amalume sanaoneke. M'malo mwake abusa analengeza ukwati wa Kenani ndi Daphne, namwino wa ku Leeds, nati amene ali ndi chifukwa choletsa akaonane ndi akulu a mpingo.

Modester anapita mtima ukuwawa. Anafotokoza zonse, malonjezo ndi zaka zomwe anadikira. Kenani, osaphethira n'komwe, anati mlongoyu anangomuthandiza kukonza foni basi.

"Mwanawe, sitikukutsutsa," anatero mayi wina wachikulire mwa akuluwo. "Tionetse ka meseji kamodzi kokha, kaya chithunzi."

Modester anatsegula foni yake. Dzina la Kenani linalipo, pansi pake mbee! Akanadandaulira ndani? Amene anasesa umboniwo si iye mwini, ndi luso lomwe linamupatsa digiri? Akulu anamupempherera kuti Mulungu amuchotsere nsanje.

Ali m'sitima yobwerera ku Sheffield, foni inalira.

"Pepa duwa langa. Ndimakukondabe."

Modester anadzambatuka. Umboni uja ndi uwu, atsike pasiteshoni yotsatira abwerere kwa akulu aja. Atayang'ananso, uthengawo panalibe. Kenani anautchera kuti ukangowerengedwa uzimiririke pomwepo.

Njira imeneyo Modester sanamuphunzitse.