Kampope ka Amayi Telala

Dzuwa linali litangolowa pamene amayi Telala anatuluka kukaanula nsalu pachingwe. Anali amayi amasiye osoka zovala pakhonde, ndipo mudzi wonse unkangowaitana ndi dzina la ntchito yawoyo. Akupinda nsalu yachitatu, pachifuwa panayamba kulira kalikhweru kaja, fiii, fiii. Anakhala pachitsa n'kugwira mawondo. Sabata inali isanathe chibwerere kuchipatala.

Mphumu ndi nthenda yamwano. Kuchipatala amakuveka chigoba cha mpweya kumaso, chifuwa n'kumasuka, anamwino n'kukuuza kuti basi, kazipita. Ukafika kwanu uipeza yatsogola kale, ikukudikira pakhomo. Chaka chimenecho amayiwa anali atagonekedwa katatu. Ulendo womaliza adokotala anawapatsa kabotolo kabuluu kopopera m'kamwa, kamene iwo ankakatcha kampope, ndipo anawalangiza kuti azipewa utsi. Kupewa utsi! Kuseri kwa mpanda wawo kunali uvuni wa makala wa alamu awo, mng'ono wa malemu amuna awo, ndipo uvuniwo sunkazima.

Mwana wawo wamkazi, ntchembere yomwe inabwerera pakhomo ukwati utatha, anathamanga ndi kampope kaja.

"Popani, amayi."

Anapopa kawiri, n'kutseka maso. Patapita nthawi mpweya unabwerera pang'onopang'ono.

"Ndatopa, mwanawe," anatero. "Anzanga amapuma osaganiza n'komwe."

Sabata imeneyo kalipentala wa pamudzi, chimunthu cha mphamvu zake chosadziwa khomo la chipatala, anapezeka m'mawa atafa, atatsamira chipupa, kukamwa kuli yasa, manja ali pakhosi. Mkazi wake anati dzulo lake chakumadzulo anamva wina akupuma movutikira kuseri kwa nyumba, fiii, fiii, komanso fungo la bulangeti lonyowa. Atasuzumira sanaone munthu. Pasanathe masiku khumi, mayi wogulitsa tomato anafa imfa yomweyo, ndipo ana ake analumbira kuti kupuma kuja anakumva, fungo lijanso analimva.

Mudzi unazizira. Anthu anayamba kutsekera mbuzi dzuwa likanalipo. Agalu ankalira ayang'ana malo opanda kanthu. Ndipo pachitsime, pamene pamaphikidwa mabodza onse, wina anafunsa funso lomwe aliyense anali nalo mumtima.

"Kodi pamudzi pano amapuma choncho ndani?"

"Shhh! Musatchule."

"Nanga kabotolo kaja? Kochepa ngati chala, koma mpweya wake sukutha. Amautenga kuti?"

Basi, nkhani inali yapsa. Anati amayi Telala amayenda madzulo kukokolola mpweya wa anzawo n'kumautsekera m'kampope, ndiye chifukwa chake pakagwa maliro iwo amapezako bwino. Palibe anakumbuka kuti nthawi imene akunenayo amayiwa amakhala ali pamphasa, kulephera ngakhale kufika kuchimbudzi. Anthu anasiya kubweretsa zosoketsa. Amene madiresi awo aukwati anasokedwa pakhonde lomwelo ankadutsa atayang'ana kumbali, ana atawagwira padzanja.

Kenako anamwalira mkazi wa wamakala uja. Tsiku lotsatira maliro, masana dzuwa lili pamutu, mwamunayo anafika pakhonde la alamu ake, gulu likumutsata. Maso ake anali ofiira, m'manja muli nkhwangwa.

"Alamu, tipatseni kabotolo."

"Ndi mankhwala, alamu. Khadi la kuchipatala ili apa, werengani."

"Mkazi wanga ali mmenemo."

"Bambo aang'ono," mwana wa amayi Telala analowerera, "popanda kameneko amayi safika mawa. Mukudziwa."

Wamakala anamukankhira kumbali, n'kutola kampope pamakina osokera. Anakadina kamodzi. Kanatulutsa kautsi koyera, fuu, ndipo gulu lonse linabwerera m'mbuyo. Mkazi wa kalipentala anagwira mutu n'kukuwa kuti wamva mawu a amuna ake. Wamakala anakaika pamwala n'kukamenya ndi msana wa nkhwangwa. Kanaphulika ndi mkokomo wa mpweya, anthu n'kubalalika akufuula kuti mizimu yamasuka. Umboni wawo unali womwewo, ndipo unawakwanira.

Amayi Telala sanalire. Anatola tizidutswa tabuluu n'kutiika m'thumba la epuloni, kenako anabwerera pamakina kukamaliza siketi yomwe mwini wake sanabwerenso kudzaitenga.

Madzulo mphepo inatembenuka, utsi wa uvuni n'kulowa pazenera. Chifuwa chinatseka. Mwana uja anathamanga khomo ndi khomo kupempha njinga. Kwina anati tayala laphwa, kwina anati mwini wake kulibe, kwina anangotseka chitseko ali chete. Anabwerera n'kubereka mayi ake kumsana, ulendo wa kumsewu waukulu. Njira yonse likhweru lija linkalira m'khutu mwake, likucheperachepera. Atafika pamlatho amayiwo anamugwira phewa.

"Nditsitse, mwanawe."

Anawatsitsa. Likhweru linasiya, ndipo chete ameneyo anamuopsa kuposa phokoso lonse limene anakula akulimva.

Kumanda kunapita anthu osakwana khumi. Ena onse anapumira m'mwamba, akuti mudzi wayera. Masiku awiri mbuzi zinadya mpaka mdima, ana anasewera pabwalo. Anthu oipa mtima amagona tulo tokoma, musanamizidwe.

Tsiku lachitatu, chisisira chitangogwa, mwana wa malemu anali pakhonde akulongedza katundu kuti achoke pamudzipo. Anamva mapazi okokera. Anali wamakala, akuyenda chowerama, dzanja limodzi pakhosi, thukuta lili kamukamu. Chifuwa chake chinkalira mpaka kumveka kumpanda.

"Mwana wanga," anatero, mawu akudukaduka. "Palibe... kena? Sanasiye... kampope kena?"

"Kanali kamodzi, bambo aang'ono."

"Uwapepese... uwauze... andisiye."

"Ndiuze ndani? Munawaika m'manda, ngakhale simunabwere."

Mwamunayo anagwada pansi, kukamwa kuli yasa. Mwana wa malemuyo ankamuyang'ana, ndipo chisoni anachifunafuna mumtima koma sanachipeze. Pomwepo fungo la bulangeti lonyowa linadzaza khonde. Kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe munthu, kunamveka kupuma kwina, kolemera, kosafulumira, kukuyandikira motsata chipupa. Fiii. Fiii.

Wamakala anamugwira mwendo. "Ndi iwo... abwera..."

Mwana wa malemu uja anatchera khutu. Kuyambira ali kamwana ankagona pambali pa chifuwa cha mayi ake, ndipo ankadziwa kulira kwake konse, kwa nthawi yozizira, kwa fumbi, kwa utsi.

"Ayi, bambo aang'ono," ananong'ona, akuchotsa mwendo wake m'manja mwa mwamunayo. "Kupuma kwa amayi ndimakudziwa. Amenewo si amayi."