Tsiku Limene Ortwin Analuma Chembalo

Anzanga, nkhaniyi ndinaimva koyamba chaka chimene ndinkakhala ku Rodenhain, kumapiri a ku Thuringia, nditatopa ndi ntchito ya m'sitima zapamadzi, ndisanapeze ina yoti nditope nayo. Ndinkawaza nkhuni panyumba ya alendo. Anandiuza ndi Mayi Hedwig, osunga makiyi a tchalitchi, madzulo ena akusenda mbatatesi. Ndayenda malo ambiri, koma fungo la tchalitchi chimenecho, la makandulo ndi matabwa akale, silinandichoke m'mphuno.

Zinachitika kale, khoma la ku Berlin lisanagwe. Kumudziko kunabwera oyimba atatu, aja oyimba nyimbo za zaka mazana atatu zapitazo ndi zida zopangidwa mwachikale. Reinhild ankaliza vayolini. Ekkehard, bambo wa chimimba, ankaliza gamba, chivayolini chachikulu chopanira ndi mawondo. Nsambo za awiriwa zinali za matumbo a nkhosa. Ortwin ndiye anali wa chembalo, chija chooneka ngati piyano yowonda, chimene nsambo zake zimachita kukodoledwa.

Chembalo n'chovuta ngati khanda. Mpweya ukangosintha, mawu ake asokonekera. Choncho chimatchunidwa nthawi zonse asanayimbe, nsambo imodziimodzi, ndi khutu, ndipo enawo amatengera mawu kwa icho. Ortwin akalakwa, onse alakwa.

Tsono Ortwin anali ndi chinsinsi. Makutu ake anali atayamba kulira, kalikhweru kosatha usana ndi usiku. Potchuna munthu amadina nsambo ziwiri pamodzi n'kumvetsera kunjenjemera kumene kumamveka pakati pake, kuti wawawa, n'kumapotokola kachitsulo mpaka kunjenjemerako kufatse. Wawawa ameneyo ndiye ankamira m'likhwerumo. Anzake sanawauze. Mumtima anali atagamula kale: zikakanika lero, awauza, agulitsa chembalo, gulu lithe.

Tsikulo analawirira. Anatchuna mmawa wonse, akupumulira, akutuluka thukuta m'tchalitchi chozizira ngati mtsuko, mpaka zinatheka. Anachisiya kuti chizolowere mpweya wa m'menemo. Pobwerera kukuda ndi anzake, chipale chofewa chikugwa, anangotsegula chitseko n'kulandiridwa ndi kutentha.

"Mayi, mwasonkha chitofu?" anafunsa Ortwin.

"Nanga ndikanawasiya anthu aume?" anatero Mayi Hedwig, amene nthawiyo anali ndi tsitsi lakuda. "Kukubwera agogo ambiri lero, bambo."

Ortwin anadina mawu atatu. Chembalo chinalira ngati amphaka akumenyana. Ekkehard anaseka mpaka kugwira mimba.

"Mwatiphikira chembalo, mayi! Changotsala mchere."

"Asiye mayiwa, iwe," anatero Reinhild. "Mdala wathu ali ndi makutu a mleme, achikonza pompano. Ortwin, ife tikadye soseji kutsidyaku. Yako tikusungira ngati mimba iyi ilole."

Anatuluka. Mayi Hedwig, manyazi atawagwira, anakhoma chitseko panja kuti anthu asamusokoneze, n'kunena kuti adzatsegula nthawi ikakwana.

Ortwin anatsala yekha ndi kandulo. Anadina nsambo ziwiri. Likhweru. Anasendeza khutu pafupi. Likhweru lokhalokha. Anapotokola mongoganizira, zinthu n'kuipiraipira. Mapeto ake anaika kachitsulo pansi n'kugwira nkhope.

Apo m'pamene anamva kugogoda. Sanakumve ndi khutu ayi, anakumva kumapazi. Go. Go. Kunkachokera kumwamba, chakumbuyo m'tchalitchimo, kumene kunali limba lalikulu la mapaipi limene linali lisanalirepo chithere nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Makwerero anayamba kulira, limodzi, kenako linzake. Wotsikayo sanali pa changu.

Anatulukira mkulu wina wamfupi, wovala chijasi chachitali cha mabatani ambiri. Nsapato zake zinali zouma, zopanda chipale. Anafika n'kuima mbali ina ya chembalo, ndipo Ortwin anamva kuzizira kukumukwera m'miyendo ngakhale chitofu chinali psuu.

"Pepani agogo, sitinayambe," anatero Ortwin. "Mwalowera pati?"

Mkuluyo ankangomuyang'ana pakamwa.

"Khutu lako latopa, mwana wanga!" Analankhula mokuwa, monga amachitira anthu osadzimva okha. Koma lawi la kandulo, limene linali pafupi ndi kamwa lake, silinagwedezeke. "Lisiye lipume. Luma."

"Ndilume chiyani?"

"Ukamalankhula uziyang'ana kuno. Thabwa! Apo, pamphepete."

Ortwin anayang'ana kuchitseko. Chokhoma. Anayang'ana mkuluyo. Kenako, posowa chochita china, anawerama n'kuluma mphepete mwa chembalo chake, thabwa limene analipukuta ndi kansalu zaka zonsezo. Anadina nsambo ziwiri.

Wawawa uja anabwera. Anadzera m'mano, n'kukwera nsagwada, n'kudzaza mutu wonse, womveka bwino kuposa mmene ankamumvera ali mnyamata. Likhweru linalipo ndithu, koma linali panja, ngati mvula ya padenga. Misozi inagwera pathabwa.

Anatambasula dzanja kuti atenge kachitsulo kake kamphanda, kopereka liwu loyambira. Mkuluyo anapukusa mutu. Anapita kumapeto kwa chembalo, kumene chimasongoka, nayenso n'kuwerama, n'kuluma. Anang'ung'udza liwu limodzi. Liwulo linayenda m'thabwa mpaka m'mano a Ortwin, lozizira ngati madzi a pachitsime. Linali lotsikirapo pang'ono kuposa limene gululo linazolowera.

Ortwin analitsatira. Anatchuna nsambo yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Akapyola muyeso, thabwa linkagogoda kamodzi. Akafika penipeni, zii. Sanayerekeze kudzutsa maso. Ankangoona mabatani a chijasi m'mbali mwa diso, ndipo anazindikira kuti kumapeto kuja sikukumveka kupuma kwa munthu.

Nsambo yomaliza itakhala m'malo, anaweramuka, nsagwada zitauma. Panalibe munthu. Kiyi analira pachitseko.

Anthu analowa akusasa chipale. Reinhild anabwera kudzatenga liwu, nakwinya nkhope.

"Watsitsa, iwe."

"Tsatani lomwelo."

"Nkhosa zanga zangozolowera kumene," anadandaula Ekkehard akumasula nsambo zake. "Ukuoneka ngati wadya thabwa, aise. Pukuta pakamwa."

Anayimba. Vayolini inkafunsa, gamba n'kuyankha, chembalo chikuwayalira njira pansi. Anthu a ku Rodenhain si anthu otengeka, koma ngakhale otsokomola anaiwala kutsokomola. Pa nyimbo ina yodekha atatuwo anamaliza pamodzi n'kukweza manja. Koma mawu sanathe. Anapitirira kumwamba kuja, motsitsa, ngati ng'ombe yopumira m'khola. Mitu yonse inatembenuka. Mapaipi a limba lakufa lija ankang'ung'udza. Gogo wina wa kutsogolo anagwira pakamwa n'kuyamba kulira, koma nkhope ikuseka.

Anthu atatuluka, Ekkehard anayesa kuzipeputsa.

"Palibe chodabwitsa. Paipi imayankha yokha ukalasa liwu lake lenileni." Anakanda mutu. "Koma iwe, liwu la limba loti sunalimvepo walidziwa bwanji?"

Ortwin anakhala pansi n'kuwauza zonse, kuyambira za makutu. Anadikira kuti akwiye.

"Chitsiru iwe," anatero Reinhild mofatsa. "Ukuganiza sitimadziwa? Miyezi yonseyi timachita kukuitana kawiri. Timangodikira kuti unene wekha."

"Ngati kuluma kukuthandiza, uziluma," anatero Ekkehard. "Bola usameze, chidacho n'chimodzi chomwecho."

Mayi Hedwig okha sanaseke. Anatenga nyali n'kunena kuti awatsate. Pamakwerero panali fumbi lochindikala, lopanda phazi la munthu. Pamwamba anaunikira thabwa la limba, pafupi ndi pokhala woyimba. Linali lokumbikakumbika ndi mano, zipsera zakale zakuda, ndipo chilichonse chinali ndi mpata kutsogolo, pamene panasowa dzino.

Analankhula monong'ona. Agogo awo ankanena kuti kalekale kunali woyimba limba amene anagontha ali pakati pa moyo. Akuluakulu a mpingo anafuna kumuchotsa, koma limba lake silinaphonyepo liwu, ndipo anakhala pampandowo mpaka imfa. Mmene ankachitira, palibe ankadziwa. Anthu ankangoti usiku wa Loweruka ankadzitsekera m'tchalitchi.

Atatsika, Ortwin anatenga nyaliyo n'kuunikira chembalo. Pamphepete panali mano ake, onse okwanira. Anapita kumapeto kosongoka kuja. Panali zipsera zina, zatsopano, thabwa likuoneka loyera mkati. Kutsogolo kwake kunali mpata.

Akuti Ortwin anayimba zaka zina zambiri, ndipo opanga zida akamupempha kuti apale zipserazo ankakana. Chaka chilichonse nthawi ya chipale atatuwo ankabwerera ku Rodenhain, Mayi Hedwig osakhudzanso chitofu. Mkulu uja sanaonekenso. Ena pamudzipo amati Ortwin anasinza chifukwa cha utsi wa malasha. Ena amati mwini limba anangosowa kumva mapaipi ake.

Ine thabwa la limbalo ndinaliona, ndinalowetsamo chala. Kuluma sindinayerekeze.

Ayi, musandithirirenso mowa, anzanga. Ndikudziwa kuti sikunade kwenikweni, koma ndipatseni chipewa changacho. Khutu langa lamanzere layamba kulira chaka chino, ndipo ku Rodenhain n'kutali.