Mubwere Mawa

Pamene ankakhoma chitseko cha chipinda cha ekisileyi, basi yomaliza inali itapita kalekale. Pachipatalapo ankamutchula kuti aMusapume, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwake tsiku lonse. Wodwala akavula malaya ndi mikanda n'kugunditsa chifuwa pa chitsulo chozizira chija, iye ankathawira kuseri kwa galasi n'kukuwa kuti, "Kokani mpweya... musapume!" Makina akalira, ankati, "Tulutsani." Ntchito yake inali imeneyo, kusuzumira m'kati mwa anthu amene nkhope zawo sankazikumbukira n'komwe.

Tsikulo linamuwawa kuposa masiku onse. Bambo ake omubereka anatandala pa benchi ya panja pa chipindacho kuchokera m'mawa. Anali atatsokomola kwa miyezi, moti jekete lawo linali litayamba kuwakulira. Iye anawaika pamzere ngati wina aliyense, kuopa kuti anthu anganene kuti akukondera. Koma mzere wa pachipatala uli ndi khomo lakumbuyo. Kunabwera mlamu wa abwana ndi bondo lotupa pang'ono, kenako mkazi wa munthu wina wamkulu amene ankangofuna kumva kuti msana wake uli bwinobwino. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Pofika madzulo makina anatentha, ananunkha waya wopsa, n'kuzima. AMusapume anatuluka osayang'ana munthu m'maso, n'kunena mawu aja amene lilime lake linawazolowera: "Mubwere mawa." Bambo ake anavala chipewa chawo n'kunyamuka limodzi ndi enawo, osadandaula. Iye anatsala kudikira wokonza makina, amene analonjeza kuti ali m'njira, koma mpaka mdima sanaoneke.

Njira yachidule yopita kwawo inkadutsa kuseri kwa chipatala, m'mbali mwa mpanda wa manda. Amene anaika manda pafupi ndi chipatala anali munthu wachifundo ndithu, sanafune kuti anthu azitopa ndi ulendo wautali. Magetsi a mumsewumo anafa chaka chatha ndipo palibe anawalira maliro. AMusapume ankayenda akudziyankhulira yekha, mapewa akuwawa ndi epuloni yolemera ija imene amavala podziteteza ku mphamvu ya makina. Ankatukwana abwana, ankatukwana wokonza makina, koma kwenikweni ankadzitukwana yekha. Mwana wanji amene amajambula mapapo a dziko lonse, a bambo ake osawaona?

Atafika pakati pa mpandawo, anaona munthu.

Poyamba anayesa ndi woledzera amene akutaya madzi. Anatsokomola kuti munthuyo achite manyazi, koma sanatembenuke. Anali wopanda malaya. Malayawo anali atawapinda bwinobwino n'kuwaika pamwamba pa mpanda. Chifuwa anali atachigunditsa kukhoma, chibwano atachikweza, manja ali m'chiuno, zigongono atazikankhira kutsogolo.

AMusapume anaima. Kaimidwe kameneko ankakadziwa. Ndi iye amene amaimika anthu choncho tsiku ndi tsiku, kuti mafupa a mapewa achoke kutsogolo kwa mapapo. Woledzera saima choncho.

Kunali zii. Ngakhale galu sanauwe.

Anayang'anitsitsa msana wa munthuyo. Nthiti zinali zitatukuka ngati za munthu amene wakoka mpweya wambiri. Anadikira kuti zitsike. Sizinatsike. Anadikirabe... sizinatsike!

"Adokotala."

Mawuwo anali opyapyala, otulukira m'mano.

"Adokotala, ndiutulutse mpweyawu?"

AMusapume anafuna kubwerera. Sanathe. Munthuyo anasuntha dzanja limodzi pang'ono, ndipo m'dzanjamo munkalendewera kiyi womangidwa pa chingwe chofiira.

"Kiyi ndavula, monga munanenera. Chitsulo chimawononga chithunzi. Magetsi abwera kodi?"

"Si... si ine," anatero aMusapume.

"Munati ndisapume. Ine sindinapume."

Pomwepo galimoto inatulukira pa kona ya kumtunda, nyali zake zikuwala. Kuwalako kunagwa pa munthuyo... n'kumudutsa! Khungu linasowa. Panatsala nthiti zoyera, msana, mthunzi wa mtima. Maso a aMusapume anagwira ntchito yawo osafunsa mwini wake. Mapapo abwino amaoneka akuda pa chithunzi. Apa mbali ya kumanja inali yoyera yonse, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Munthu wa mapapo otere sayenda.

Galimoto inadutsa. Mdima unabwerera.

Tsopano munthuyo anali atatembenuka. Anali pafupi. Pafupi kwambiri. Koma mpweya wake sunkamveka pankhope.

"Mdala wa chipewa uja ndi bambo anu? Tinakhala limodzi pa benchi lero. Amatsokomola ngati ine." Anamwetulira, milomo ili yotseka. "Ndiwasungira malo. Nanga ine, adokotala? Ndiutulutse?"

Mawu amodzi okha ndi amene ankafunika. Mawu amene aMusapume amawanena kosawerengeka asanadye n'komwe chamasana. Koma mantha sasankha mawu, amatola amene ali pafupi ndi mlomo. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Mubwere mawa!"

Munthuyo anaweramitsa mutu mwaulemu, ngati amene anazolowera kumva zimenezo.

"Chabwino, adokotala. Mawa."

AMusapume anathamanga liwiro la mtondo wadooka. Nsapato imodzi inatsala mu ngalande, sanaicheukire. Atafika kunyumba anapeza mng'ono wake akusinza pa mpando, wailesi ikulira yokha. Bambo awo anali atagona chagada, mpweya ukulira mluzu m'chifuwa. Pambali pa pilo panali kansalu kopindidwa mosamala, ndipo atakatambasula anapeza madontho a magazi. Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi mpaka mbandakucha, akumvetsera mpweya uliwonse ukamalowa, n'kumadikira ndi mtima m'mwamba kuti utuluke.

Kutacha anawaveka jekete bambo ake, anayitana galimoto ya aneba, n'kupita nawo. Lero, anatero mumtima, kaya abwere mlamu wa ndani, woyamba kulowa ndi bambo anga. Anawakhazika pa benchi paja n'kutsegula chipinda. Anadina batani. Makina anali chete. Anadinanso. Abwana anadutsa m'khonde akuyankhula pa foni, ndipo anangoponya mawu osaima kuti chitsulo chimene chapsa chiyenera kuitanitsidwa kunja, anthu auzidwe kuti adikire kaye.

Kenako m'chipindamo munalowa mayi wokolopa, gogo amene anayamba ntchito pachipatalapo aMusapume asanamalize sukulu. Anaimika chokolopera chake n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga, nkhope imeneyi ndi ya munthu amene sanagone. Ndi matenda a bambowa, kapena pali china?"

AMusapume anawauza zonse. Ankayembekeza kuti amuseka, koma atatchula za kiyi wa chingwe chofiira, gogoyo anakhala pansi pa mpando wa odwala.

"Kiyi ameneyo ndinamuchotsa ndine m'dzanja mwake," anatero. "Ndi kale, nthawi imene zithunzi ankazitsuka ndi mankhwala mu kachipinda ka mdima kaja. Iwe unali usanabwere. Bambo ameneyo anayenda kuno mpaka tinayamba kumupatsa moni ngati wantchito mnzathu. Lero mankhwala atha, mawa wojambula wapita ku msonkhano, mkuja makina afa. Tsiku limene analowa, anasangalala ngati mwana. Anamuimika apo, pamene wayima iwepo. Wojambula anati kokani mpweya, musapume, ndiye magetsi thi! Anatuluka kukafuna wa jenereta, osamuuza kanthu munthu. Ine polowa kudzakolopa ndinamupeza atagwada, chifuwa chili chigundire pa chitsulocho, atazizira kale. Achibale sanapezeke. Anakamuika kuseri kwa mpanda uja, ndipo chithunzi chake sichinajambulidwe mpaka lero."

"Ndiye ine ndamuuza kuti abwere mawa," anatero aMusapume.

"Ayi, mwana wanga, usadzione ngati woyamba. Tonse pano timawadziwa mawu amenewo." Gogoyo anadzuka n'kutola chokolopera chake. "Kungoti iye ndi munthu womvera. Akauzidwa, amabwera."

AMusapume anatuluka m'khonde. Benchi inali itadzaza kale, anthu atapanikizana mapewa, aliyense akuyang'ana pakamwa pake kuti amve chimene anene. Kumapeto kokha, pafupi ndi chitseko, ndiko kunali kampata. Anaona bambo ake akusendera pang'ono kuti mpatawo ukule. Kenako anavula chipewa chawo, n'kutembenukira kumalo opanda munthuwo, nkhope yawo ikuwala.

"Mwafika, achimwene? Khalani apa. Mwana wanga ndi uyu watulukayu, lero atijambula tonse."