Chimera cha Tionge

"Chimera ichi!"

Tionge sanadziwe kuti mawuwo atuluka pakamwa. Anali pa siteshoni ya sitima ku Manassas, atangoweruka kwa nkhalamba yomwe ankaisamalira, miyendo italemeratu. Fungo la chimeralo linkachokera pa jekete la mwamuna wamtali amene anaima patsogolo pake.

Mwamunayo anatembenuka. "Achemwali, mwati chiyani?"

Manyazi ake! Ku Virginia kuno, ndani akanaganiza kuti msana wachilendo ukumva Chichewa?

"Pepani achimwene. Ndimangoti mukununkhira kwathu."

"Ine ndine Alvin. Zaka seveni ku America kuno, palibe mkazi anandiuzapo mawu okoma chonchi."

Alvin ankagwira ntchito pa kakampani kofulula mowa kufupi ndi siteshoniyo. M'sitima anakhala mpando umodzi, ndipo pofika ku Washington nambala ya Tionge inali kale m'foni mwake. Asanafike n'komwe kunyumba kwake ku Lanham, meseji inalowa.

"Wafika bwino, duwa langa? Jekete ili sindichapanso."

Mnyamata analidi ndi pakamwa. M'mawa "uchi wanga", masana "Tio wanga", madzulo "mayi wa ana anga". Tionge, amene tsiku lonse ankangomva "bwera kuno, nyamula ichi" kwa odwala, anatengeka nazo mtima.

Pasanathe mwezi anamuuza chimene sanauzepo munthu ku America. Mayi ake ku Ntcheu ankafulula masese, ndipo iye anakula akutakasa migolo. Koma ku mpingo wawo wa ku Lanham, kumene ankaimba m'kwaya ya amayi, mowa unali tchimo lochotsetsa munthu. Kumeneko onse ankadziwa kuti mayi ake ankagulitsa tomato. Mpingowo ndi umene unamupezera ntchito ndi pogona, ndipo kunja kwa mpingowo analibe wina aliyense.

"Chinsinsi chako ndi changa, bebi," anatero Alvin atamugwira manja onse awiri. "Ndifa nacho."

Loweruka lina masana Alvin anabwera ndi mabotolo awiri, nkhope ili yakugwa. Anathira m'matambula. Mowa wina unali woyera moonekera kuseri, wina unali mbuu.

"Abwana anga, a Jerome, ndi ouma mutu," anadandaula. "Akuti mowa weniweni uzioneka kuseri. Akuti wambuu ndi wa aulesi, anthu obisa zolakwa zawo m'matope. Koma makasitomala onse akufuna wambuu, wothira hopusi wambiri, timaluwa towawa tija timene timaupatsa fungo la zipatso. Ndawapempha kuti ndiyese, andipatsa miyezi itatu. Ndikalephera, ndibwerera kotsuka migolo."

"Ndiye wambuuwu ndi wako?"

"Wanga. Talawa."

Tionge sankamwa. Anangoviika chala n'kuika pa lilime, monga ankachitira mayi ake.

"Abwana akowo sakunama kwenikweni," anatero akuseka. "Mbuu wakowu ndi wabodza. Ndi ufa woyandama chabe, pakutha sabata ukhala pansi. Ndipo ukukanda kukhosi."

"Aa, Tio, ndiye uli mbali yawo?"

"Ayi. Iwonso akulakwa. Masese a mayi anga, mbuu wake ndiye unali thupi la mowawo. Ukausefa, wataya kukoma konse. Umafunika kudzaza m'kamwa, osati kungodetsa tambula."

Alvin anasendera pafupi, maso ali tong'o. "Ndiye ankatani?"

"Chimera cha mawere. Osati chogula. Umanyika wekha, kufunditsa, ndiye mizu ikangoti tuluku umayanika msanga, isanabiriwire. Ukachedwa theka la tsiku, chawawa."

Alvin anagwada pakapeti pomwepo. "Wapamtima, undithandize. Mowa uwu ukatheka andikweza, ndipo tsiku lomwelo ndikuimbira amalume ako. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu!"

Mkazi wanji akanakana?

Miyezi itatu Tionge anakhala akunyika mawere ogula ku sitolo ya amwenye, kuwafunditsa ndi matawulo onyowa mu wadilopu, n'kuwaumitsa mu uvuni moto uli pansi. Madiresi ake onse ananunkha chimera. Tsiku lina mayi Lenifa, mkulu wa kwaya, anabwera kudzamuona ndipo anaima pakhomo mphuno ili m'mwamba.

"Mwanawe, fungo ili ndi la chiyani?"

"Thobwa, amayi. Ndinalakalaka thobwa."

"Thobwa likhale thobwa. Lisagone masiku."

Atachoka, Tionge anakhala pansi n'kutenga foni. Anamulembera Alvin kuti akuopa, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo.

"Limba mtima, mkazi wanga. Tatsala pang'ono. Ndimakukonda kuposa mpweya."

Mowa woyamba unawawa. Wachiwiri unatuluka phala. Wachitatu Alvin anaubweretsa akuthamanga. Unali mbuu wachikasu, wonunkhira mango, wofewa pakhosi, ndipo unakhala masabata atatu osagwetsa nsenga. Anamunyamula Tionge n'kumuzungulitsa m'chipinda monse.

Koma tsiku loutulutsa kwa anthu litayandikira, meseji inali ina.

"Usabwere Loweruka, bebi. Ndi malo a mowa, wina wa ku mpingo angakuone. Ndikukuteteza."

Tionge anapsompsona foniyo. Mwamuna woganiza bwanji! Komabe angaphonye bwanji tsiku lotulutsa ntchito ya manja ake? Anavala diresi yake yabuluu ndi magalasi akuda, nakwera basi kuti akamudzidzimutse.

Anafika cha m'ma thuu koloko, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anali yakaliyakali pabwalo la kampaniyo, aliyense tambula yambuu m'manja. Tionge anaima kumbuyo, akumwetulira yekha. Kenako anaona chikwangwani cha mowa watsopanowo. Dzina lake linalembedwa ndi zilembo zazikulu zagolide: TIFFANY.

Tiffany ndi ndani?

Mzungu wandevu zaimvi anakwera pa bokosi n'kugogoda tambula. Anali a Jerome, ndipo anayankhula m'Chingerezi.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikunena kuti mowa wambuu ndi ulesi. Ndakangana ndi theka la inu pa nkhaniyi, ndipo mowa wambiri wambuu ndimaunenabe choncho. Koma uwu wandisowetsa chonena. Mbuu wake ndi kukoma kwake ndi chinthu chimodzi. Alvin, bwera kuno!"

Anthu anaomba m'manja. Alvin anakwera, atagwira dzanja la mtsikana watsitsi lofiirira.

"Njira iyi," anatero Alvin dzanja lili pamtima, "anandiphunzitsa malemu agogo anga ku Africa. Mawere aliwonse ndawameretsa ndi manja angawa."

"Kuyambira lero ndiye mkulu wa ofulula," a Jerome anapitiriza. "Ndipo poti kulanda migolo yanga sikunamukwane, walandanso mwana wanga Tiffany. Ukwati ndi mu Juni!"

Mtsikanayo anakweza dzanja, mphete ikunyezimira.

Tionge sanadziwe kuti wadutsa bwanji pakati pa anthuwo. Anangozindikira ataima pamaso pa Alvin, magalasi ali m'manja.

Alvin sanadzidzimuke n'komwe. Anamwetulira ngati waona kasitomala.

"Awa ndi ndani, hani?" anafunsa Tiffany m'Chingerezi.

"Khazeni wanga Tionge, wa ku tchalitchi uja."

"Oo, ndiwe! Alvin amati umamuthandiza kutsuka matawulo. Ndiwe wabwino kwambiri!" Tiffany anamukumbatira n'kutembenuka kukaitana wojambula.

"Alvin," Tionge ananong'ona m'Chichewa. "Unagwada pakapeti panga. Unatchula Mulungu."

"Tsitsa mawu."

"Mwakhala limodzi nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka ziwiri. Bambo ake ankandikana, ankati ndine wotsuka migolo. Ndinkafunika kuwaonetsa chinachake."

"Ndiye ine ndinali chiyani?"

"Iwe unandiyamba wekha pa siteshoni, Tio. Ine ndinangoyankha."

Misozi inayamba kutsika. "Ndiwauza. Ndikwera pa bokosi paja, ndiwauza onse kuti agogo akowo ndi bodza, chimera ndi changa!"

"Kwera," anatero Alvin, akumwetulirabe kuti anthu aziona ngati akucheza. "Taona mafoni onsewa akujambula. Mawa m'mawa mayi Lenifa aonere woimba wawo ali pabwalo la mowa, akukuwa kuti iye ndiye katswiri wofulula, mwana wa mayi wa masese wa ku Ntcheu. Uona ngati Lolemba ukhala ndi ntchito. Uona ngati ukhala ndi pogona."

Tionge anayang'ana uku ndi uku. Mafoni analidi m'mwamba paliponse. Chinsinsi chimene anachipereka ndi chikondi, munthu anachisunga bwinobwino kudikira tsiku ili.

"Ulibe chisoni, Alvin?"

"Ndili nacho. N'chifukwa chake ndinakuuza kuti usabwere." Anamukonza kolala ya diresi ngati mlongo wake. "Ndipo chimera chatsala pang'ono, anthu aukonda mowawu. Lachisanu ndidzatenge china. Ukakana, nambala ya mayi Lenifa ndili nayo."

Tiffany anabwerera ndi wojambula, akudumphadumpha. Anamukokera Tionge pakati pawo, iye kumanja, Alvin kumanzere, n'kumugwiritsa tambula yodzaza.

"Chithunzi cha banja! Taonani, akulira ndi chimwemwe!"

Alvin anamukoleka dzanja paphewa, zala zikufinya mpaka pafupa.

"Seka," anamunong'oneza. "Akutiona."

Tionge anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, nayang'ana kamera. Ndipo anaseka.