Kuperekeza Yobu Kuchokera ku Joni

Tsiku limenelo mvula inayamba m'mawa n'kukata dzuwa litapendeka. Levison anaweruka mochedwa m'chigafa momwe ankasoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Unali mwezi wa Malichi, chaka chomwe feteleza wotsika mtengo anayamba kugulira chiphaso cha unzika, makuponi atatha. Fodya anachita bwino ku Kaluluma konse. Koma pakhomo pa a Nyabanda panalibe woseka.

Mwana wawo woyamba, Yobu, mkulu wake wa Levison, anamwalira ku Joni mu Januwale ndi mliri uja. Malire anali otseka. Anzake anamuika komweko, n'kutumiza pa foni chithunzi cha mulu wa dothi. A Nyabanda anachiyang'ana kamodzi, nabweza foniyo. Anakana kumeta. Anati mwana wawo sanafike, ndipo iwo sangamete maliro akadali panjira. Akumpingo anabwera, atsibweni anabwera, onse anabwerera chimodzimodzi. Miyezi iwiri mayiwo akugona chokhala, nkhope italoza kumsewu.

Chimene Yobu anasiyira mng'ono wake chinali makina a gemu. Anawatumiza pa basi chaka chapitacho pamodzi ndi kativi, sola, batire ndi inveta yake, ati kuti azionana Loweruka lililonse.

Gemuyo inali yankhanza. Munthu wako amayenda m'dziko logumuka lodzaza zilombo, ndipo ukaphonya pang'ono wafa, ukayambirenso pachitsime pomwe unapumulira. Wosewera aliyense ali ndi dziko lakelake, ngakhale njira ndi milatho n'zofanana. Koma ili ndi dima lake, lothandizana ngati kumunda. Wofuna kuthandiza amalemba dzina lake pansi, ndipo dzinalo limawala m'dziko la mnzake. Mwini dziko akaligwira, wothandizayo amatulukira ngati chithunzithunzi choyera. Salankhula, ndipo sakumva. Amangowerama kupereka moni. Mukapha chimphona cha dera limenelo, ntchito yake yatha, amazimiririka n'kubwerera kwawo. Mwini dziko akafa, wothandizayo amatayidwa pomwepo, kaya munafika pati. Panalinso lamulo lina limene Levison ankadana nalo: ukatsegulira mnzako khomo, watseguliranso wofiira, munthu wosamudziwa amene amangolowa kudzakupha basi.

Kuti dzina la Yobu lisamaonekere anthu ena, awiriwa anaika mawu achinsinsi, dzina la ng'ombe ya malemu bambo awo. Munthu wa Yobu sankavala zachitsulo. Ankavala chiguduli, n'kunyamula chibonga. Akatha kusewera, Yobu ankatumiza mawu pa foni akuseka, kuti mng'ono wake amagwira lupanga ngati akutakasa thobwa. Panali chimphona chimodzi chimene chinawakanika miyezi itatu. Anachitcha Kapitawo, pokumbukira wa pa esiteti pomwe bambo awo anathera msana.

Kuyambira Januwale, Levison sanayatsepo makinawo. Madzulo amenewo, atatha kudya, anangofuna kupukuta fumbi. Mkazi wake Maliya anali pamphasa, akugoneka Shalom, khanda lawo la miyezi inayi. Inali isanakwane seveni. Atapukuta, anakoleka foni pamsomali wa pawindo pomwe netiweki imagwira, n'kuyatsa.

Munthu wake anadzuka pachitsime pomwe anamusiya. Patsogolo pake, m'matope, panali powala.

Levison anasendera pafupi ndi tivi. Anawerenga zilembozo kawiri. Linali dzina la Yobu.

Maliya anaona nkhope ya mwamuna wake asanaone tiviyo. Atamva chimene chalembedwa, anakokera mwana pachifuwa.

"Bambo a Shalom, zimitsani. Alamu anatisiya. Chimenecho si alamu."

"Mawu aja tinkadziwa awiri."

Maliya anati m'nyumba muli khanda, ndipo kwawo munthu savomera akaitanidwa ndi amene anapita. Levison anayankha motsitsa mawu, kuopa kudzutsa mwana. Anati miyezi iwiri wakhala akuuzidwa kuti avomereze. Anavomereza kwa abusa, anavomereza kwa atsibweni, anavomereza chithunzi cha dothi lachilendo pa foni. Amama akutha thupi iye akuona. Lero mkulu wake walemba dzina pakhomo pake, ndiye amuyang'ane n'kuzimitsa?

Anadina batani.

Chithunzithunzi choyera chinatuluka pansi pang'onopang'ono. Chiguduli chomwechija. Chibonga chomwechija. Koma sichinawerame. Yobu sankaiwala moni, ankawerama kawiri n'kunjuta monyoza. Ichi chinangoima, mutu utapendekera kumbali ngati munthu wotopa ndi ulendo.

Levison anayendetsa munthu wake. Chinamutsatira chapatali. Dera la Kapitawo linali la madambo, milatho yake yambiri, ina yamiyala, ina yamatabwa. Atafika pa mlatho woyamba, iye anawoloka. Chithunzicho chinaima kutsidya.

Anabwerera. Anawerama. Anawolokanso. Sichinasunthe.

Kunja achule ankalira, galu wawo akuwauwa. Levison anaika padi yoseweretsera gemu pamwendo. Kenako anakumbukira tsiku limene anakatenga maliro a bambo ake kuchipatala ku Lilongwe. Atsibweni anakhala pafupi ndi bokosi m'lole muja. Pa mlatho uliwonse dalaivala ankachepetsa liwiro, iwo n'kugogoda bokosilo, kuwauza bambowo mtsinje umene akuwoloka. Ankati womwalira ukapanda kumuuza njira, galimoto imafera pa mlatho.

Levison anayang'ana chithunzicho. Ankadziwa bwino kuti m'gemumo wothandiza sakumva kanthu.

"Achimwene," anatero. "Tanyamuka. Uyu ndi Limpopo. Tikuwoloka."

Chithunzicho chinaponda pa mlatho.

Maliya anapuma mokoka. Levison sanapitirirepo Lilongwe chibadwire, koma njira ya ku Joni ankaidziwa ngati mizere ya m'munda mwake, chifukwa Yobu ankaisimba Khirisimasi iliyonse. Anatchula Harare. Anatchula Nyamapanda. Pa mlatho wautali wamiyala anati uyu ndi Zambezi, tili pa Tete, gwirani bwino chibonga chanucho. Paliponse chithunzicho chinkaima, n'kudikira dzina, n'kuyenda.

Ali pakati pa mlatho umenewo, pa tivi panabwera zilembo zofiira. Wina walowa.

Nthawi yomweyo galu analeka kuuwa, achule nawo analeka kulira.

M'chigafa fodya anayamba kuchita tswatswa, ngati munthu akudutsa pansi pa mikangala. Levison anakulira mu fodya. Ankadziwa kuti tsamba likamwa chinyezi cha tsiku lonse limafewa ngati nsalu, silichita phokoso. Kenako m'matope kuseri kwa nyumba munamveka phazi. Linaponda, n'kudikira, n'kupondanso.

Ndipo inveta inalira mochenjeza. Dzuwa silinawale tsiku lonse, batire linali likutha.

"Zimitsani," Maliya anabwereza.

"Ndikazimitsa ndawasiya pa Tete. Ku Joni anali ndi manda. Pa Tete alibe kanthu."

Maliya anamuyang'ana. Anadzuka mwana ali m'manja, napita pakhoma pomwe panali mawaya. Levison anaganiza kuti akukazula makina. Koma iye anazimitsa babu, nazula foni yake pa chaja, kuti moto wotsalawo upite ku tivi. Anabwerera pamphasa mumdima.

Wofiirayo anatulukira m'bango ndi mkondo wautali. Sanathamange. Ankayenda ngati mwini malo. Masiku akale Yobu akanamuthamangira akuseka, koma chithunzi choyeracho sichinatukule chibonga. Chinangodikira dzina la mtsinje wotsatira. Levison anamenyana yekha, uku akubwerera chammbuyo, uku akulankhula. Akafa iye, Yobu atayidwa. Mkondo unamupeza kamodzi. Anamwetsa munthu wake botolo la mankhwala. Unamupezanso. Anamwetsanso.

Mapazi aja tsopano anali kumbali ya windo.

Levison sanacheuke. Analankhula mokweza, osati kwa mkulu wake.

"Kaya ndiwe ndani, ine ndaitana mmodzi. Iwe dikira panja pomwepo."

Anatchula boda ya Dedza, anati mwaponda dothi lakwanu tsopano. Pa mlatho wamatabwa wotsatira anati Lilongwe. Chithunzicho sichinayende. Anabwereza kuti Lilongwe, achimwene, tiyeni. Chinangoima. Wofiirayo anamubaya kachitatu, ndipo mzere wa moyo wake unatsala ngati ulusi. Thukuta linamulowa m'maso. Anatchulanso Lilongwe, mawu akusweka.

"Mwadumpha Linthipe," Maliya anatero mumdimamo.

Iye kwawo kunali komweko, anakulira m'mbali mwa mtsinjewo asanasamukire ku Kaluluma. Anasendera pafupi ndi tivi, mwana ali paphewa, nagwada monga amachitira popereka madzi kwa mlamu wake.

"Alamu, ndi Linthipe uyu. Madzi ndi ambiri, koma mlatho ndi wabwino. Tiyeni."

Chinayenda.

Kuchokera apo anatchula limodzi. Lilongwe. Mponela. Pa Bua Levison anati mukumva fungo la fodya, chaka chino wachita bwino, mukanaona. Pa Dwangwa, mlatho womaliza, anathamanga wofiirayo ali kumbuyo. Patsogolo panali khoma la chifunga, khomo la Kapitawo. Lamulo la gemuyo ndi lakuti wofiira sadutsa chifungacho. Levison analowa. Chithunzi choyera chinalowa pambuyo pake.

Panja mapazi anaima. Chitseko chinakankhidwa pang'ono, mpiringidzo n'kugunda, kenako chinasiyidwa.

Kapitawo anadzuka ndi unyolo wake. Mukalowa awiri amakula mphamvu, zimenezo Levison ankadziwa, ndipo anali ndi botolo limodzi lokha. Anazemba unyolo woyamba. Wachiwiri unamugwetsa. Anamwetsa botolo lomalizalo. Yobu anali chiimire pa khomo la chifunga lija. Inveta tsopano inkalira mosalekeza, ndipo Shalom anadzuka, koma sanalire. Ankangoyang'ana kuwalako.

"Achimwene, tatsala pang'ono," Levison anatero. "Koma uyu watseka njira. Ndekha sindimutha, mukudziwa momwe ndimagwirira lupanga."

Chithunzicho chinatukula mutu. Chinathamanga mozungulira, monga Yobu ankachitira nthawi zonse, n'kukhoma Kapitawo kumbuyo kwa bondo. Chimphonacho chinatembenukira kwa iye, n'kupereka msana. Levison anabaya. Chikamutembenukira iye, chibonga chinkalira kumbuyo. Chikatembenukira Yobu, lupanga linkalowa. Anachita choncho kanayi, kasanu, osaphonya, zimene zinawakanika miyezi itatu onse ali ndi moyo. Kapitawo anagwada, n'kusungunuka ngati phulusa.

Chithunzi choyera chinaima pakati pa bwalolo. Sichinayang'ane munthu wa Levison. Chinatembenuka n'kuyang'ana kunja kwa tivi, m'chipinda momwe anakhala atatuwo. Chinayamba kuzimiririka kuyambira kumapazi.

Levison analankhula mofulumira, chisanathe.

"Mwafika. Nyumba ya amama ndi yomweija, tinangosintha chitseko."

Batire linatha. Mdima.

Ankangomva kupuma kwa mwana. Achule sanayambirenso. Ndiye kutsidya kwa bwalo, kunyumba kwa a Nyabanda, kunamveka mawu a mwamuna, otsika, osasa.

"Odi."

Chitseko cha mayiwo chinatseguka msanga, ngati anali ataima kale pomwepo. Chinatsekedwanso. Levison anafuna kudzuka, koma Maliya anamugwira dzanja, ndipo ulendo uno anamvera.

Kutacha anapeza mapazi opanda nsapato atazungulira nyumba yake katatu. Sanaone komwe anachokera, sanaone komwe analowera. Anathera pachitseko. Kunyumba kwa amama kunalibe phazi ngakhale limodzi.

Nkhani inafika pa tuledingi dzuwa lisanakwere. Grey, wokonza mafoni, anabwera pa njinga kudzaona yekha. Anati palibe chodabwitsa. Anzake a Yobu anagulitsa katundu wake, ndipo wogula makinawo anawapeza dzina ndi mawu achinsinsi zili momwemo. Kuima pa milatho kuja anati ndi netiweki ya mvula. Levison anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumufunsa kuti munthu wa ku Joniyo Linthipe anaidziwira kuti. Grey anayang'ana mapazi aja, nati ali ndi mafoni a anthu omudikira.

Azimayi pamjigo ankanong'onezana zina. Ankati woyera uja akumudziwa, koma wofiirayo ndi wina amene anafera kutali, wopanda womutchulira mitsinje, ndipo anangofuna kukwera nawo. Ena ankati Levison wachita zosayenera Mkhirisitu, ndipo akulu a mpingo amuitana. Iye atamva anati amuitane, awafotokozera yekha, ndipo akafuna awatchuliranso milatho yonse.

A Nyabanda anatuluka mochedwa, koyamba m'miyezi iwiri. Anali atagona pamphasa, chizindikiro chake chili patsaya. Anakhala pakhonde ndi beseni la madzi, sopo ndi lezala latsopano, n'kutuma Maliya kukauza atsibweni kuti abwere, tsiku lometa ndi lero.

Levison anagwada pambali pawo. Anadikira mpaka atatsala awiri.

"Amama, anagogoda usiku uja ndani?"

Mayiwo anamasula duku, nalipinda bwinobwino pamwendo. Anaviika dzanja m'beseni n'kuyamba kunyowetsa tsitsi.

"Wawonda mwana wanga," anatero. "Koma wafika."