Mabatani Atatu Ofiira

Mlendo amene analowa m'shopu ya atelala anati anthu amamutchula kuti Chipewa, ndipo anapempha zinthu ziwiri: thumba la nsalu yakuda lokhala ndi kathumba kobisika mkati, ndi mabatani khumi, atatu ofiira, asanu ndi awiri oyera.

Atelala anaimitsa makina, namuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kathumba kobisikako n'kachiyani, achimwene?"

"Kosungiramo makiyi, bambo."

"Makiyi sabisala chomwecho. Kasoketseni kwina."

Chipewa anangoseka n'kutuluka. Pakhonde anapeza mwana wamkazi wa atelala atakhala pa mpando, kope lili pabondo. Mtsikanayu anali m'chaka chomaliza ku sekondale, ndipo kunyumba ndi kusukulu komwe ankamutchula Namasamu, chifukwa samu ikamuona inkachita kugwada yokha. Anali wamanyazi, wolankhulira pansi. Kwawo kunali zipinda ziwiri zokha kuseri kwa shopu, koma munali mtendere. Bambo ake akaona kuti akuwerenga, ankasiya kupalasa makina n'kuyamba zosoka pamanja kuti phokoso lisamusokoneze. Mayi ake ankamuikira madzi ofunda pakhomo m'mawa uliwonse. Ndalama yake ya mayeso inali kale mu envelopu, pansi pa chitini cha mabatani.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji?" anatero Chipewa kwa mtsikanayo, atavula chipewa chake. "Madala andikaniza thumba. Nanga timabatani khumi tokha simungandigaireko?"

Palibe amene anamuvulirapo chipewa chibadwire. Bambo ake atalowa kukamwa madzi, Namasamu anapisa dzanja m'chitini. Timabatani tokha, anadziuza choncho, bambo sangadziwe n'komwe.

Patatha sabata Namasamu anamuona Chipewa pasiteji ya mabasi, anthu atamuzungulira. Thumba lakuda anali atalipeza ndithu.

"Bwerani muone! Ofiira atatu, oyera seveni, onse ndaponya umu! Pisa dzanja, tulutsa awiri. Onse akakhala ofiira, ndalama yako ndikubwezera ka twente! Msangamsanga, dzanja lisagone m'thumba!"

Namasamu anaima kumbuyo, mutu ukuwerengera wokha. Potola koyamba, ofiira ndi atatu mwa khumi. Lofiira limodzi likatuluka, m'thumba mwatsala naini, ofiira awiri. Atatu kuchulukitsa ndi awiri, sikisi. Khumi kuchulukitsa ndi naini, nainte. Sikisi mwa nainte ndi kamodzi pa maulendo fifitini. Kuluza ndalama fifitini n'kulandira twente! Munthuyu sadziwa masamu, anaganiza.

Anaika ndalama yogulira chakudya cha masana. Ulendo wachitatu, ofiira awiri anatuluka m'dzanja lake.

"Aphunzitsi andipha ine lero!" anakuwa Chipewa, manja ali kumutu. Anthu anaombera m'manja mtsikana yemwe ngakhale m'kalasi ankaopa kukweza mkono.

Anagula paketi ya shuga n'kukapatsa mayi ake.

"Shugayu wachokera kuti?"

"Ndawina, amayi. Si juga ayi, ndi masamu. Ndawerengera."

Mayi ake anakankhira paketiyo kumapeto kwa tebulo.

"Mwanawe, amene aluza kuti iwe uwine ali ndi ana ngati iweyo. Ine tiyi wa misozi ya anthu sindimwa. Usakapondenso pamenepo."

Bambo ake anangoti, "Munthu uja ankafuna kathumba kobisika. Unalipo, unamva."

Koma Namasamu ankadziwa kuti makolo akewo sukulu anailekera panjira. Mawa lake anatenga kope n'kukaonetsa aphunzitsi a masamu, kuti amve mawu a munthu wodziwa.

Aphunzitsiwo anachonga ndi cholembera chofiira.

"Wakhoza. Koma werenganso mzere woyamba wa funso lililonse m'buku. Limati ngati batani lililonse lili ndi mwayi wofanana wotoledwa. Thumba la m'buku siligwiridwa ndi munthu wanjala. Lakolo wagwira ndani?"

"Amaponyamo tonse tikuona, aphunzitsi."

"Mukuona akuponya. Mkatimo mumaona?"

Namasamu anaweramitsa mutu mwaulemu, koma mawuwo anangodutsa.

Anayamba kulemba timizere kumapeto kwa kope, kamzere kamodzi ulendo uliwonse woluza. Timizere fifitini. Kenako sate. Mwamuna wina wa jekete lachikasu ankawina tsiku lililonse iye akuona, ndipo sanadzifunse chifukwa chake munthuyo sankakwera basi.

"Musafooke, aphunzitsi," ankatero Chipewa motsitsa mawu. "Inu ndi amene mukudziwa. Thumbali lakusungirani zanu, latsala pang'ono kusanza."

Aphunzitsi a masamu aja anali atawauza m'kalasi kuti thumba silikumbukira zadzulo. Namasamu analikhoza funso limenelo pa mayeso oyeserera, koma pasiteji analiiwala.

Lolemba anatsegula envelopu ija n'kutengamo theka. Lachitatu anatenga yotsalayo, n'kuikamo mapepala odula bwino kuti ioneke yonenepa. Mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi pamenepo anamukoka malaya.

"Mwana wa atelala, tenga nthochi iyi uzipita kwanu. Ndakupempha."

Analandira nthochiyo, koma sanapite.

Lachisanu linali tsiku lomaliza kulipira mayeso. Pa shelefu ya bambo ake panali nsalu yoyera yonyezimira, ya namwino wina yemwe ukwati wake unali pafupi. Ndingowina kamodzi, anadziuza, zonse zibwerera m'malo mwake. Anaipinda n'kuilowetsa m'chikwama cha mabuku.

Chipewa anaisisita nsaluyo ndi zala.

"Iyi ndi maulendo twente, poti ndinu."

Oyera awiri. Loyera ndi loyera. Oyeranso. Ulendo womaliza dzanja linachedwa m'thumba. Zala zinayenda pansi ponse, zikuwerenga. Limodzi, awiri, atatu, mpaka seveni. Basi. Kenako chala chinagunda msoko m'mbali, msoko wokhotakhota wa munthu wosadziwa ntchito, ndipo kuseri kwake kunali tinthu titatu tolimba. Mwana wa telala sangasokonezeke ndi msoko.

"Ofiira ali m'kathumba," anatero, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wodwala.

"Mukuti chiyani, aphunzitsi? Masamu akana?" Chipewa anakoka thumba lija. Wajekete lachikasu anayamba kuseka, anthu onse n'kutsatira. Basi itafika, awiriwo anakwera limodzi, nsalu ili kukhwapa. Sanaonekenso.

Atafika kunyumba anapeza envelopu ili pa tebulo, mapepala aja atamwazika. Bambo ake anali atavala jekete loti akalipire kusukulu. Namwino anali ataima pakhomo, atabwera kudzafunsa za diresi lake.

Bambo ake sanamumenye. Anangofunsa kuti, "Ndi nsalu yomwe?"

"Eya, bambo."

Mayi ake anakhala pansi, pasimenti penipeni. Namwinoyo anayang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenako anati, "Kupolisi sindipita, bambo. Koma ukwati wanga sungadikire."

Makina anagulitsidwa Loweruka kuti alipire nsalu ya namwinoyo. Anyamata awiri anawanyamulira pa ngolo, ndipo pasimenti panatsala madontho anayi pomwe miyendo yake inaima zaka twente. Makasitomala anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, ena osapereka ndi moni womwe. Shopu anaibweza kwa mwini wake. Atelala anayamba kukhala pakhonde la sitolo ya munthu wina, akusoka zigamba pamanja, maso akuchita misozi ndi dzuwa.

Tsiku la mayeso a masamu, Namasamu anali akuchapa zovala za eni pampopi. Anzake anadutsa atavala yunifolomu, marula ali m'manja. Mmodzi yekha ndiye anawoloka msewu kudzamugwira dzanja lonyowalo.

Iwe amene ukuwerenga, usanyengeke. Juga sasamala kuti ndiwe wanzeru. Wanzeruyo ndiye amamudya bwino, chifukwa amadzikhulupirira. Namasamu sanalakwitse samu ngakhale imodzi. Analakwa posamvera makolo, analakwa pokhumba ndalama yosagwirira ntchito, ndipo kuba kwake kunayamba ndi timabatani tomwe ankati palibe angadziwe. Sukulu sanabwererenso, ndipo makina aja sanabwerere.

Mwezi utatha, atalandira malipiro ake oyamba, anapita pakhonde paja masana. Bambo ake anali akulimbana ndi ulusi, ukukana kulowa pa singano. Anawalandira singanoyo, nalowetsa ulusi, n'kuwabwezera. Kenako anamasula kapepala, natsegula chitini chija, n'kuikamo mabatani khumi amene anagula, limodzilimodzi kuti asachite phokoso: oyera asanu ndi awiri, ofiira atatu.

Bambo ake anaona. Sanakweze mutu. Anangosuntha pang'ono pa benchi, kumusiyira mbali yomwe kunali mthunzi.