Bawuti Imodzi Panjira ya ku Lirangwe

Twahir ananyamuka pa Chileka mdima utagwira kale, ndipo sikunali kufuna kwake. Anafika pa galaja ya a Greyson dzuwa lili paliwombo, akuganiza kuti kusintha pani ya giyabokisi ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Pani ndi chimbale chija chimamangidwa kunsi kwa giyabokisi, momwe mumakhala oyilo wofiira woyendetsa galimoto ya otomatiki. Ya pikapu yake inali itapindika ndi miyala ya m'misewu ya kumudzi, moti paliponse pamene waima ankasiyapo dontho. Ndiye anakagula ina ku Limbe, yosakhala ya kampani yomwe inapanga galimotoyo. Inali ya aluminiyamu, yozama, yokhala ndi bawuti yakeyake yotsitsira oyilo. Wogulitsa anamuuza kuti imalowa oyilo wambiri, giyabokisi singatenthenso ngakhale atalongeza matumba a nandolo mpaka pamwamba.

Koma mabowo ake anavuta kulingana. A Greyson anapala, kuyesa, kumasula, kuyesanso. Magetsi anathima, iwo n'kumalizitsa ataluma tochi pakamwa. Pani yakale anangoiponya kumbuyo kwa pikapu.

Twahir akungotuluka pageti, foni inalira. Anali mayi ake a Sabrina, mkazi wake. Sabrinayo anali ndi pakati poyamba.

"Apongozi, muli pati? Anzanu kuno matenda ayamba nthawi isanakwane. Akutaya magazi. Fulumirani!"

M'mudzi mwawo, kuseri kwa Lirangwe, galimoto inali yake yokhayo. Anaona kuti tala wodzera pa Lunzu amuchedwetsa, ndiye anakhotera njira yafumbi yodula pakati pa minda. Anaponda moto. Pikapu inkadumpha m'mabampu, zitsulo kumbuyo zili gwedegwede, iye pakamwa pali Bismillah yekhayekha.

Nyumba zinayamba kutalikirana. Kenako zinatheratu.

Ali pakachitunda, injini inalira mokweza koma galimoto inayamba kufooka. Anapondanso. Injini inabangula, matayala osayankha. Inayenda pang'ono yokha... n'kuima.

Anatsika, n'kugwada, n'kuwunika kunsi ndi foni. Pani yatsopano inali mbee, yokongola, koma pamene panali bawuti yotsitsira oyilo panali bowo. Madontho omaliza ankagwera m'fumbi. Atawunika kumbuyo anaona mzere wofiira ukutsata msewu mpaka kukalowa mumdima.

"Ayi... ayi, Mulungu wanga, lero ayi!"

Anakwawa m'fumbi kufunafuna bawutiyo, akupapasa timiyala ndi zitosi za mbuzi. Anaimbira a Greyson, foni yozima. Anaimbira Pempho wa kabaza, inangoitana mpaka kuduka. Apongozi anaimbanso. Ulendo uno sanakuwe, ankalankhula motsitsa.

"Wasiya kubuula. Akungotiyang'ana."

Foni inathima m'manja mwake.

Twahir anasiya galimoto chitseko chili pululu n'kuyamba kuthamanga. Sanadziwe kuti akafika wapansi akachita chiyani. Mwina kukam'bereka kumsana. Mwina kungokam'gwira dzanja. Mwezi kunalibe. Mpweya unamuthera, anayamba kuyenda, chifuwa chikuwotcha.

Kumanzere kunabwera mitengo yowirira. Masana ankadutsapo kawirikawiri, ndipo ankadziwa kuti ndi manda. Anayang'ana kutsogolo kokha.

Ngwe...

Anaima. Kunali zii.

Anayendanso.

Ngwe... ngwe...

Chitsulo chikugunda chinzake. Kumbuyo kwake. Anafulumira, nacho chinafulumira. Kutsogolo kunali kamlatho ka simenti, ndipo anadziuza kuti akangowoloka, basi. Anaponda pamlatho. Phokoso lija linasiya.

Munthu anali atakhala pakhoma la mlathowo. Kutsogolo kwake!

Anali bambo wovala ovolosi, kapu yoluka kumutu, masipanala awiri akulendewera m'thumba. Phewa lina linali lotsika kwambiri, ngati wasenza chinthu chosaoneka. Ankanunkha oyilo wopserera ndi dothi lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

"Salaam aleikum," anatero Twahir.

Yankho linachedwa, ndipo linabwera ngati la munthu wopanikizika pachifuwa.

"Wa aleikum salaam. Miyendo sinyamula wodwala, mwana wanga. Bwerera."

"Bambo, galimoto yafa. Mkazi wanga..."

Bamboyo anatambasula dzanja. Ngakhale mumdima umenewo Twahir anaizindikira. Bawuti ija! Yatsopano, yonyowa ndi oyilo.

"Mwaitola kuti?"

Bamboyo anangodzuka n'kuyamba kulowera kumene Twahir anachokera. Mtima wina unkamuuza kuti athawe. Koma athawire kuti, kwa Sabrina chimanjamanja? Anam'tsatira. Anadutsanso pamanda paja. Twahir ankamva mapazi akeake m'fumbi. A mnzakeyo sankamveka. Masipanala okha.

Ngwe... ngwe...

Atafika, Twahir anati agwade kuti alowe kunsi. Dzanja linam'gwira pamkono, lozizira mpaka m'fupa.

"Iwe ayi. Kunsi kwa galimoto usiku salowako munthu amene akudikiridwa."

Bamboyo analowa yekha. Popanda jeke, popanda tochi. Kunamveka sipanala ikuzungulira, komanso kupuma kolemera, kokoka, ngati mpweya ukudutsa pabowo. Kenako chinthu chinakhwekhwerezeka m'fumbi mpaka pamapazi a Twahir.

Inali pani yakale ija, imene a Greyson anaiponya kumbuyo. Inali yodzaza oyilo mpaka m'milomo. Wofunda.

"Thira," mawu anatero kuchokera kunsi.

Twahir anayatsa magetsi a galimoto, kutsegula boneti, kudula botolo la madzi kuti likhale fanulo, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Atatha anazungulira kumbuyo kukabweza pani ija. Kuwala kwa nyali za kumbuyo kunagwera pamsewu.

Mzere wofiira uja panalibe. Fumbi louma lokhalokha.

Anakwera, n'kuliza injini, n'kukoka giya. Pikapu inagwedezeka... inagwira!

Bamboyo anali ataima pambali, kumene magetsi sankafika.

"Kwerani bambo, ndikakutuleni. Ndinu ndani?"

"Ine pano sindichoka. Ukadutse kuseri kwa chigayo pa Lirangwe, nyumba ya chitseko chobiriwira. Ukamuuze Safia asadikirenso. Ndatsala ndi bawuti imodzi."

Twahir anaponda moto osacheuka.

Sabrina anam'peza ali lefu pamkeka, milomo itayera. Anam'nyamula ndi apongozi ndi amayi ena awiri, n'kum'goneka pamatiresi kumbuyo. Pachipatala cha pa Lirangwe anamwino anangoti kumuona n'kuyamba kuthamanga. Twahir anakhala pakhonde mutu uli m'manja, malaya ali ndi oyilo ndi magazi osadziwika kuti awa ndi ati. Kum'mawa kukuyera, kunamveka kulira kwa khanda, kochepa ngati kwa kamwana ka mphaka. Anali wamkazi. Mzamba anatuluka n'kunena kuti mayi apulumuka, koma akanachedwa pang'ono pokha nkhani ikanakhala ina.

Madzulo a tsiku limenelo Twahir anagula tambala pamsika n'kupita kuseri kwa chigayo. Chitseko chobiriwira chinalipodi, penti yake yosuluka. Pakhonde panali mayi wa hijabu yakuda akusankha mpunga m'lichero.

"Odi! Ndinu mayi Safia?"

"Ndine. Fikani."

Anakhala pansi n'kufotokoza zonse: galimoto, mlatho, bambo wa ovolosi amene anam'pulumutsira mkazi ndi mwana. "Dzina sanandiuze, koma anandituma kuno. Akuti atsala ndi bawuti imodzi."

Lichero linapendekeka. Mpunga unamwazika pansi, nkhuku n'kuthamangirapo, koma mayiyo sanaziingitse.

"Wakutumani ndani kudzandiseka?"

"Wallahi, mayi, palibe. Ndawaona ndi maso angawa. Kapu yoluka, phewa lakumanja lotsika..."

"Phewa lawo linali lowongoka," anatero mayi Safia pang'onopang'ono. "Linatsika tsiku limene tinawasambitsa."

Mayiyo anaika lichero pansi.

"Amuna anga anali a Chande, makaniko. Anthu anadzawadzutsa usiku kuti galimoto yawafera pafupi ndi mlatho umenewo. Kunali mvula. Ali kumeneko anandiimbira, ndipo mawu awo ndi omwewo mwanenawo. Jeke inatitimira m'matope, galimoto inawagwera. Tinawaika m'manda a pamenepo." Analoza mtsikana wa yunifolomu ya sekondale amene anali ataima pachitseko. "Uyu anali kumsana."

Tambala anakupiza mapiko m'manja mwa Twahir. Kenako mayiyo anasendera pafupi.

"Nenaninso. Mmene ananenera iwowo, musasiyeko kanthu."

"Anati, ukamuuze Safia asadikirenso."

Mayi Safia anatseka maso, misozi n'kutsika mpaka pachibwano.

"Usiku umene uja anati ndidikire," anatero. "Ndiye ndakhala ndikudikira."